Eyiti Kuchotsa Firii

Mwanamvua sankadziwa kuwerenga, koma mtanda wofiira ankaudziwa. Tsiku lomwe mwana wake Ajira anabwera kuchokera kusukulu ndi kope lothethedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, mayiyo analizondotsa, n'kulizondotsanso, poganiza kuti mwina waligwira molakwika. Mitanda ija sinasinthe.

"Chikukuvuta n'chiyani, iwe?" anafunsa Mwanamvua.

"Kuchotsera."

"Ukuchotsa zambiri kapena zochepa?"

"Ndikuchotsa zomwe aphunzitsi anena kuti tichotse."

"Nanga akukuthetheranji?"

Ajira anangotukula mapewa n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, komwe mnzake Lusiya ankamudikira patsinde pa mtengo wa bwemba.

Munali m'chaka cha 1988, pa Chiponde, nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa. Anthu ankadutsa malire tsiku ndi tsiku atasenza mphasa, mapoto ndi ana. Mmodzi mwa iwo anali Benedicta, mayi wake wa Lusiya. Kwawo ku Mandimba anaphunzitsa ana zaka khumi ndi ziwiri, mpaka tsiku lomwe sukulu inaotchedwa. Mwamuna wake Eduardo anasiyana naye pamtsinje wina, mfuti zitalira, aliyense n'kuthawira kwake. Mwanamvua, yemwe ankagulitsa usipa pamsika, anamupeza atakhala pansi pafupi ndi milu yake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osagula, osapempha. Anamutengera kunyumba n'kumupatsa kachipinda kakuseri komwe ankasungiramo nkhuni.

Kuyambira tsiku limenelo, wanjinga aliyense wolowera tsidya linalo Benedicta ankamuimitsa n'kumuuza mawu amodzimodzi: mukakumana ndi Eduardo, wamtali, wa chipsera pachibwano, mukamuuze kuti ndili kwa telala wa pa Chiponde. Adilesi yake yonse padziko pano inali imeneyo. Loweruka lililonse pankabwera lole yotenga othawa kwawo kupita nawo kukampu, kutali, komwe kunali anthu zikwizikwi ndipo kunalibe telala woti munthu n'kumufunsa. Lole ija ikangomveka, Benedicta ankalowa m'kachipinda kake n'kutseka.

Telalayo anali che Atumani, mwamuna wa Mwanamvua. Musaganize kuti anali munthu wouma mtima, ayi. Kungoti anali ndi chilonda chake. Ali mwana bambo awo anawakaniza sukulu, ati kusukulu ya mishoni akakusintha dzina n'kukudyetsa zosayenera. Manambala anawaphunzirira pa tepi yoyezera nsalu, ndevu zitamera kale. Ndiye Ajira atakwana zaka zisanu ndi chimodzi, che Atumani anamusokera yunifolomu ndi manja awo n'kumuperekeza okha mpaka pakhomo la Sitandade 1, achimwene awo akuseka kuti madrasa sakukwana kodi. Mwanayu anali woyamba pamtundu wawo kugwira pensulo, ndipo bambo ake ankafuna dziko lonse limve.

Lusiya malo kusukuluko sanawapeze. Kalasi inali itadzaza mpaka panja, ndipo anauzidwa kuti ana a othawa kwawo sukulu yawo ili kukampu. Choncho sukulu ya Lusiya inali Ajira. Ajira akaweruka ankakhala patsinde pa bwemba n'kubwereza zonse zomwe wamva m'mawa, mawu ake atawakulitsa ngati aphunzitsi, ndipo Benedicta akamaliza kutunga madzi ankakhala nawo n'kuwathandiza. Zowerengera zinali njere za bwemba, zomwe zinali mbwee pansi.

Kuphatikiza kunayenda bwino zedi. Njere ziwiri apa, zitatu apo, zikankhire pamodzi, uwerenge, mawu omwe watchula pomaliza ndiwo yankho. Ajira ankakhoza zonse, ndipo che Atumani ankapita ndi kope lija kukhonde la sitolo komwe ankasokera, n'kulisiya dala lotsegula pamwamba pa makina. Mavuto anayamba sabata yomwe aphunzitsi anafika pa kuchotsera.

Lachitatu aphunzitsi a Sitandade 1 anabwera kukhonde kuja ndi buluku loti aliikire zipi. Panali anthu, kuphatikizapo mchimwene wawo wa che Atumani, woseka uja. Aphunzitsi sanachepetse mawu.

"Mwana wanu ndi wanzeru, bambo. Koma pali munthu kunyumba kwanu yemwe akumusokoneza mutu. Eyiti kuchotsa firii, iye akulemba eyiti. Sikisi kuchotsa thuu, akulemba sikisi. Ndikamufunsa, akuti anamuphunzitsa ndi mayi wa ku Mozambique."

Mchimwene uja anangotsokomola, ndipo chifuwa analibe.

Che Atumani anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, zomwe sizinkachitika. Anaitanira mkazi wawo m'nyumba.

"Amake Ajira, Loweruka lole ikabwera, mlendo wanu akwere."

"Walakwanji?"

"Wandichititsa manyazi pagulu. Mwana akuchotsa zinthu, zinthuzo osachoka. Munaziona kuti zoterozo?"

"Bambo a Ajira, mwamuna wake akabwera akamupeza kuti?"

Che Atumani funsolo analidziwa kulemera kwake. Kenako anati, "Chabwino. Lachisanu ndikachokera kumzikiti mundionetse ndi maso angawa kuti sakusokoneza mwana. Mukandionetsa, akhala. Mukalephera, akwera."

Mwanamvua anavomera, ngakhale sankadziwa chomwe wavomera. Mtima unamuwawa kwambiri. Benedicta sanalinso mlendo kwa iye. Ndi amene ankamuthandiza kuyanika usipa ukanyowa, ndi amene anamugwira dzanja malungo atamugwetsa mwezi wa Epulo. Amayi ena pachitsime ankawatcha mapasa, wina wovala mpango, wina wovala korona m'khosi.

Mawa lake Mwanamvua anasiya msika msanga n'kukakhala patsinde pa bwemba.

"Tiye, Ajira. Chotsa ndione."

Ajira anayala njere eyiti pamzere. "Aphunzitsi akuti tichotse firii." Anakankhira zitatu pambali. Mpaka pamenepo Mwanamvua ankatsatira bwinobwino, ndipo ankaona ndi maso kuti zatsala zisanu.

"Kenako amake Lusiya amati tiyambire pa firii mpaka tifike pa eyiti." Mwanayo anayamba kukankha njere zotsala zija, imodziimodzi, kuzipititsa komwe kunali zitatu kuja. "Folo, faifi, sikisi, seveni, eyiti. Eyiti." Anayang'ana mayi ake, nkhope ili mbee, ngati munthu amene wagwira ntchito yake mokhulupirika.

"Nanga wazibwezeranji?"

"Sindinazibweze. Ndazifikitsa."

"Si choncho," anatero Lusiya. "Yankho ndi firii."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndi zomwe zachotsedwa. Anati chotsani, ndiye zachoka zitatu."

"Eyiti," anatero Ajira.

"Firii."

Mutu wa Mwanamvua unaima. Anafika akudziwa kuti zimatsala zisanu, koma tsopano mwana wina akuti eyiti ndipo njere eyiti zinalidi pansi, wina akuti firii ndipo zitatu zinachokadi. Anaitana Benedicta, yemwe ankatsuka mbale.

Benedicta anapukuta manja pachitenje n'kukhala pansi. Akamaphunzitsa ankasintha. Msana unkawongoka, mawu ankatuluka mosathamanga, ndipo ukanamuona nthawi imeneyo sukanakhulupirira kuti ndi yemwe amabisala lole.

"Kwathu sitichotsa, achemwali," anatero. "Timayamba ndi kanambala kakang'ono n'kufunsa kuti kakusowa zingati kuti kafike pa yaikulu. Onani." Anaika njere zitatu pansi. Kenako anayamba mulu wina pambali pake. "Folo, faifi, sikisi, seveni, eyiti. Tafika. Tsopano tiwerenge zomwe tawonjezazi. Zisanu. Umu ndi momwe anandiphunzitsira masisitere, ndi momwe ndinaphunzitsira ana anga onse."

"Ndiye mukuchotsa powonjeza?"

"Tinene choncho."

"Ndipo aphunzitsi akusukulu akuchotsa pochotsa."

"Eya."

"Wolakwa ndani?"

"Palibe. Ajira akungoyenda njira zonse ziwiri nthawi imodzi. Mupatseni sabata imodzi kapena ziwiri, adzazilekanitsa yekha."

Sabata imodzi kapena ziwiri. Mwanamvua anamuuza Benedicta zonse, za zipi, za chifuwa cha mlamu wake, za Lachisanu ndi za lole. Benedicta anamvetsera osadula mawu. Atamaliza, anangotola njere imodzi n'kumaizunguliza pakati pa zala.

Njere Mwanamvua sanazikhulupirire kwenikweni. Zinthu zoterera, zofanana zonse, mwina ndi zomwe zimanyenga. Analowa m'khitchini yekha n'kutapa usipa m'dengu, poti usipa sunamunamizepo. Anayala nsomba eyiti pachipapa, anachotsa zitatu, zinatsala zisanu. Anazisonkhanitsa, anaika zitatu, anawonjeza mpaka eyiti, anawerenga zowonjezazo, zisanu. Anachita kachiwiri ndi usipa wina. Zisanu, zisanu. M'malo momasuka, mantha anamugwira. Moyo wake wonse ankadziwa kuti kuchotsa ndi kuwonjeza ndi zinthu zodana, ndipo apa zinali kukumana pamalo amodzi ngati zinapangana.

Lachisanu m'mawa anamanga usipa uja pakona ya chitenje n'kupita kusukulu, komwe anali asanapondeko chibadwire. Anapeza aphunzitsi ataima pansi pa mtengo wa mango, ana oposa zana atakhala m'fumbi, onse akukuwa pamodzi kuti seveni kuchotsa thuu. Anadikira mpaka nthawi yopuma, anagwada patali pang'ono, n'kumasula chitenje chija.

Aphunzitsi anayang'ana usipa, anayang'ana mayiyo, ana n'kuyamba kuunjikana. Koma anali munthu waulemu, anaonerera mpaka pamapeto.

"Inde, mayi, yankho ndi faifi."

"Njira zonse ziwiri?"

"Zikuoneka choncho."

"Ndiye mayi uja sanalakwe."

"Sindinatero. Yankho n'lolondola, njira ndi yolakwika."

"Njira yolakwika ingafikitse munthu pamalo olondola?"

Aphunzitsi anakanda m'mutu ndi choko. "Mayi, m'buku la boma muli njira imodzi. Oyendera sukulu akabwera amayang'ana njira imeneyo. Ine ndili ndi ana handiredi twente-sikisi. Aliyense akabwera ndi njira ya kwawo, ndithawa ntchito ine. Mwana wanu asankhe imodzi, ndipo imodziyo ndi ya m'bukuyi."

Belu linalira, chitsulo cha tayala la lole chopachikidwa pamtengo. Mwanamvua anamanga usipa wake n'kubwerera. Panjira anayesa kusanja mawu oti akawauze amuna ake, koma akagwira uku, uko kunkamasuka. Mayi uja sanalakwe koma walakwa. Aphunzitsi avomera koma akana. Mwana akumvera aphunzitsi, akumveranso Benedicta, ndipo chifukwa chomvera onse awiri ndiye akuthethedwa. Anafika kunyumba mutu uli wolemera kuposa mmene anachokera.

Che Atumani anabwera kuchokera kumzikiti atavala mkanjo woyera, anakhala pampando pakhonde n'kuika manja pamaondo. Ana awiri aja anakhala pamphasa. Benedicta anakhala pansi chapatali, pafupi ndi mtondo.

"Ndionetseni," anatero che Atumani.

Mwanamvua anakhuthula usipa pachipapa. Pamsika ankatha kugawa milu khumi akukangana ndi anthu atatu nthawi imodzi, koma pamaso pa amuna ake atavala mkanjo, zala zinkachita ngati za munthu wina.

"Awa ndi eyiti," anayamba. "Aphunzitsi akuti tichotse firii." Anakankhira nsomba zitatu pambali. "Mwaona. Tsono amake Lusiya akuti ndi chimodzimodzi, kungoti iwo amayambira pa firii. Ndiye apa pali firii kale." Anaima kaye. Ankayenera kuyamba mulu wina, ankadziwa, koma mulu wake uti, popeza nsomba zina zinali kale pachipapa? Dzanja linapita lokha pa zotsala zija n'kuyamba kuzikankha. "Folo, faifi, sikisi, seveni..."

Mawu omaliza anawaona akubwera, koma analibe powathawira.

"Eyiti," anamalizitsa Ajira mokondwa. "Mwaona, ababa? Amayinso apeza eyiti."

Nkhuku ina inayandikira chipapa ndipo panalibe woiingitsa.

"Mpaka inunso, amake Ajira," anatero che Atumani, mawu ali pansi. Sanali okwiya. Ankaoneka kuti achita mantha. "Inu amene simunasocherepo pa usipa. Tsiku limodzi lokha mwakhala pabwemba paja, mutu wasokonekera."

"Dikirani ndiyambirenso. Dzulo zimatuluka zisanu. Aphunzitsinso avomera kuti ndi faifi."

"Avomera kuti njira ya mayiyu ndi yabwino?"

"Ayi, akuti ndi yolakwika, koma..."

"Ndiye avomera chiyani?"

Mwanamvua misozi inali pafupi, yaukali, chifukwa choonadi anali nacho m'manja dzulo lomweli ndipo lero chamupulumuka anthu akuona.

"Ine sukulu sindinapite," anapitiriza che Atumani. "Koma ndikayeza nsalu, mkono ndi mkono. Njira ziwiri zosiyana sizingakhale zoona zonse. Ina ikunama. Boma silinganame m'buku. Amake Lusiya, mundikhululukire, ndilibe nanu mlandu wina uliwonse. Koma mwanayu ndi mmodzi yekhayu amene ndamutumiza kusukulu, ndipo inu mumakhulupirira njira yanuyo. Ndikakuletsani pabwemba, mudzamuphunzitsa kuchitsime. Aphunzitsi ndi choncho, sasiya. Mawa ndikuthandizani kunyamula katundu."

Benedicta anadzuka pomwe anakhala. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhonde, n'kugwada pafupi ndi mphasa ya ana.

"Bambo, mwanena zoona," anatero. "Njira ina ikunama. Ndi yanga."

Mwanamvua anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Ndaganiza usiku wonse," anapitiriza Benedicta, mawu ake osagwedera. "Amene anandiphunzitsa analakwitsa, inenso ndinangotengera. Munthu sungachotse powonjeza. Ajira, Lusiya, tamverani kuno. Zija ndinakuuzani zoyambira pa kanambala kakang'ono, muziiwale. N'zabodza. Ajira, yala eyiti. Chotsa firii. Zimenezo usaziyang'anenso, zapita. Werenga zomwe zatsala basi."

Ajira anawerenga ndi chala. "Faifi."

"Sikisi kuchotsa thuu."

Mwanayo anayala, anachotsa, anawerenga. "Folo."

Che Atumani anawerengera pa zala zawo, milomo ikugwedera, kenako anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo. Nkhope inamasuka. Ankafuna kuti wina alakwe kuti dziko libwerere m'malo mwake, ndipo wolakwa anapezeka, wadzipereka yekha.

"Basi, nkhani yatha," anatero. "Khalani, mayi. Nyumba ndi yanu mpaka bambo abwere. Koma masamu muwasiyire akusukulu."

"Ndawasiya, bambo."

Mwanamvua mtima unamutentha. Tsopano, pamene sizinkafunikanso, zonse zinamubwerera bwinobwino: zitatu apa, mulu wina pambali, uwerenge wapambaliwo. Akanatha kuonetsa pompo. Anakokera chipapa kwa iye n'kunena kuti, "Bambo a Ajira, koma kunena zoona..."

Benedicta anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha. Mwanamvua anasiya chipapa. Anachita manyazi omwe sanachitepo chibadwire.

Lusiya ankayang'ana mayi ake, zikope zili m'mwamba, ngati akuwaona koyamba.

"Mama," anatero. "Nanga ana aja munkawaphunzitsa ku Mandimba aja? Ambirimbiri aja, ankakubweretserani chinangwa aja?"

"Atani?"

"Iwonso munkawauza zabodza?"

Che Atumani anali ataimirira kale, akukutumula mkanjo, koma anaima pakhomo kuti amve yankho. Benedicta anaona kuti aima.

"Eya, mwanangu," anatero. "Onsewo. Zaka zonse khumi ndi ziwiri."